Metical ya ku Milange ndi mabanki amene anaibala

Anzanga a m'gulu muno, inu a ku Karonga kapena ku Mchinji mwina simunaigwirepo metical. Ife kuno ku Mulanje, makamaka a ku Limbuli ndi ku Muloza, timaiwerenga ngati kwacha, chifukwa chimanga ndi nyemba zambiri zimachokera kutsidya, ku Milange. Pepala limeneli lili ndi mbiri, ndipo mukaitsata bwino muona kuti munthu wamba anayamba kalekale kulipirira mabanki amene sanalowemo n'komwe.

Tiyambire ku Lisbon. Mu 1864 Apwitikizi anakhazikitsa Banco Nacional Ultramarino, mwachidule BNU, banki ya maiko amene ankawalamulira kutsidya kwa nyanja. Ndiyo inkasindikiza ndalama za ku Angola, Cabo Verde, Macau ndi kwina, ndipo mu 1877 inatsegula nthambi pa Ilha de Moçambique. Musaganize kuti inabwera kudzasunga tindalama ta agogo athu, ayi. Makasitomala ake anali boma la atsamunda, makampani ndi eni minda ikuluikulu. Munthu wakuda ndalama ankaifunira msonkho basi. Ku Zambézia msonkhowo ankaulemba kuti mussoco, kungopotoza pang'ono mawu athu omwewa. Wosowa cholipira ankagwidwa kukagwira ntchito ya chibalo. Alomwe ambiri anathawa zimenezi, n'kuwolokera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ndiye mukamva Mihavani kuno, dziwani kuti msonkho uja unatengapo mbali.

Ufulu utayandikira, pa 17 May 1975, anakhazikitsa Banco de Moçambique, imene inatenga nyumba ndi ntchito za BNU. Boma la Samora Machel linalanda mabanki pafupifupi onse, kupatula Standard Totta, n'kupanganso ina yotchedwa Banco Popular de Desenvolvimento, yoti izisunga ndalama za anthu wamba ndi kukongoza alimi. Pa 16 June 1980 escudo inachotsedwa, kunabwera metical. Dzinali ndi lakale kuposa Apwitikizi m'dzikomo: linachokera ku mawu a Chiarabu a muyeso wa golide. Tsikulo analisankhanso dala, pokumbukira anthu amene anaphedwa ku Mueda pa 16 June 1960.

Koma nkhondo siidziwa banki. Mu 1986 Renamo inalanda Milange, anthu anakhamukira kuno, ndipo Malawi anasunga othawa kwawo okwana pafupifupi 1 miliyoni. Amene anaona nthawi imeneyo amati mchere ndi sopo zinkagula zambiri kuposa pepala. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Apa ndi pamene nkhani ikuwawira. Chaka chomwecho cha 1992, mbali yamalonda ya banki yaikulu inapatulidwa n'kukhala Banco Comercial de Moçambique. A IMF ndi World Bank anakakamiza kuti mabanki a boma agulitsidwe. Mu 1996, kutangotsala pang'ono kuti Banco Comercial igulitsidwe, anthu ena anaibera ndalama zokwana madola 14 miliyoni kudzera m'macheke opanda kanthu. Mtolankhani Carlos Cardoso, mwini nyuzipepala yotchedwanso Metical, sanaileke nkhaniyi. Pa 22 November 2000 anamuwombera m'galimoto mu mzinda wa Maputo. Mu January 2003 khoti linapeza anthu 6 olakwa, mmodzi mwa iwo anali mkulu wa nthambi imene ndalamazo zinabedwera.

Banki ya anthu wamba ija inagulitsidwa mu 1997 kwa kampani ya ku Malaysia ndi akuluakulu ena a m'dzikomo, n'kusintha dzina kukhala Banco Austral. Kunayambika kubwereka kosabweza. Ife pamsika wangongole timamudziwa nkhope, timamudikira pa mphambano. Koma uku angongolewo anali anthu oti sungawaloze chala. Mu 2001 banki itatsala madzi amodzi, boma linatuma António Siba-Siba Macuácua, mnyamata wa ku banki yaikulu, kuti akaikonze. Iye anachita zimene mayi aliyense wa banki m'khonde amachita: anatchula mayina a angongole, mpaka kuwasindikiza m'nyuzipepala. Pa 11 August 2001 mtembo wake unapezeka pansi pa masitepe a likulu la bankiyo. Posakhalitsa Absa ya ku South Africa inaigula. Nanga dzenje la mabanki awiriwa anakwirira ndani? Boma, ndi msonkho wa wolima nandolo wa ku Milange, eti.

Pa 1 July 2006 anachotsa maziro atatu, 1,000 yakale n'kukhala metical imodzi, nkhope ya Samora ili pamapepalawo. Ndalama inakhazikikako. Kenako mu 2016 kunaululika ngongole zobisa za madola pafupifupi 2 biliyoni, zimene makampani atatu a boma anatenga ku Credit Suisse ndi VTB, ati zogulira maboti ophera nsomba ndi olondera nyanja. Othandiza dzikolo anaimitsa chithandizo, metical inagwa chagada, ndipo mu November chaka chomwecho Nosso Banco inatsekedwa. Dzina limeneli, mwa njira, limatanthauza kuti banki yathu.