Mbiri ya chikwama cha mfuti: chikopa chopulumutsa moyo

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tiyeni tione mbiri ya kachinthu kamene mabuku athu sakatchula: chikwama chachikopa chosungiramo mfuti yaing'ono m'chiuno. Ambiri timangoti ndi thumba basi. Komatu kasokedwe kake kakhala kakusintha chifukwa cha ngozi ndi imfa, makamaka ku America.

Mu 1873 kampani ya Colt inatulutsa mfuti yotchedwa Single Action Army, yolowa zipolopolo 6. Vuto lake linali lakuti kanyundo kake kakatsitsidwa, nsonga yake inkatsamira pa chipolopolo. Ikagwa pansi kapena kugundidwa, inkatha kulira yokha. N'chifukwa chake anthu ozindikira ankaikamo zipolopolo 5 zokha, kanyundo n'kutsamira pa bowo lopanda kanthu. Amisiri a zikopa nawo anawonjezera kachingwe kokolowekera pa kanyundo, kuti mfuti isapulumuke munthu ali pa hatchi. Asilikali ankagwiritsa ntchito chikwama chokhala ndi chivindikiro chokuta mfuti yonse. Chinkatchinga mvula ndi fumbi, koma kusolola mfuti kunkachedwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chikwama chikagwira mfuti kwambiri, mwini wake amachedwa pa nthawi yoopsa. Chikaigwira mopepuka, imagwa kapena kulandidwa.

M'zaka za m'ma 1920, wapolisi wina wa ku El Paso ku Texas, Tom Threepersons, anasankha liwiro. Chikwama chodziwika ndi dzina lake, chimene ankasoka a S.D. Myres, chinadulidwa kwambiri moti chokhethemulira mfuti chinali poyera. Apolisi ochuluka anachikonda kwa zaka zambiri. Chinkakhululukika pang'ono chifukwa mfuti za apolisi za nthawiyo zinkafuna mphamvu ndithu kuti chala chizikhethemule. Komabe chala chinkatha kufika pamenepo mfuti isanatuluke, ndipo ena anadziwombera mwendo pothamangira kusolola.

Panalinso ngozi ina yoopsa kuposa apo: wapolisi kulandidwa mfuti polimbana ndi chigawenga, n'kuphedwa nayo. Amisiri anayamba kuika lamba wokhala ndi batani lomasula ndi chala chachikulu. Kenaka m'zaka za m'ma 1970, Bill Rogers, amene anagwirako ntchito ku FBI, anayamba kupanga zikwama zimene mwini wake amatha kumasula msanga koma munthu wokoka mfutiyo kumbali kapena kumbuyo amalephera. Anakonzanso njira yoyesera zikwamazo pozikoka mwamphamvu. Mu 1985 kampani ya Safariland inagula kampani yake.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi mfuti ya Glock, imene inapangidwa ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ilibe loko wapambali woti munthu atseke ndi chala. Chitetezo chake chakunja chili pa chokhethemulira pomwepo, ndipo mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5 imakwanira kuiliza. Ndiye kuti chilichonse cholowa pamenepo, kaya nsonga ya malaya kaya lamba, chingagwire ntchito ya chala. Chikopa nacho chikakalamba ndi thukuta chimafewa, n'kupindikira m'kati pobwezera mfuti.

Choncho mmisiri wa masiku ano amatsata mfundo zimene a Threepersons akanadabwa nazo. Chokhethemulira chikutidwe chonse mbali zonse ziwiri. Chikopa chikhale chokhuthala, chiumbidwe chili chonyowa pa mtundu umodzi wokha wa mfuti. Kukamwa kwa chikwama kulimbitsidwe kuti kusaphwanyike mfuti ikatuluka, ndipo mwini wake athe kuibweza ndi dzanja limodzi popanda kulozetsa mfuti ku dzanja linalo. Chikafewa, chitayidwe. Ena anasiyiratu chikopa n'kuyamba pulasitiki yolimba ya Kydex.

Anzanga, pophunzitsa mbiri timakonda nkhondo ndi mafumu. Koma tikamauza ana za kutukuka kwa luso, tiziwaonetsanso kuti malamulo ambiri achitetezo analembedwa wina atavulala kale. Vuto la kanyundo lija kampani ya Ruger inalithetsa pa mfuti zake za mtundu umenewo mu 1973, patatha zaka 100. Funso loti mukafunse m'kalasi ndi ili: n'chifukwa chiyani zinatenga nthawi yaitali chonchi?