Mwana amene khoti linamutcha CJ

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti bwanji khoti limabisa maina a ana, pamene ndimawaphunzitsa kuti milandu iziweruzidwa poyera. Funsoli linandibwezera ku chaka cha 2009.

Kumapeto kwa Malichi chaka chimenecho, woimba wa ku America, Madonna, anapita ku khoti lalikulu ku Lilongwe kukapempha kuti atenge kamtsikana kochokera kosungira ana amasiye kakhale kake. Atolankhani anabwera kuchokera maiko akutali, koma anatsala panja chifukwa nkhaniyo inamvedwa chitseko chili chotseka. Pa 3 Epulo, Jaji Esme Chombo anakana pempholo ponena kuti mayiyo sanakhale m'dziko muno nthawi yokwanira. Madonna anachita apilo, ndipo pa 12 Juni khoti la apilo ku Blantyre, motsogozedwa ndi mkulu wa majaji Lovemore Munlo, linamulola. Pamutu pa mlanduwo mwanayo analembedwa ndi zilembo ziwiri zokha: CJ. Komatu dzina lake lonse linali litamveka kale pa wailesi, ngakhale ife kumapiri kuno tinkalidziwa.

Zinabwerezanso mu Januwale 2017. Madonna akupempha ana amapasa a ku Mchinji, nyuzipepala ya pa intaneti ya MailOnline inatulutsa maina ndi zaka zawo khoti lisanagamule. Ulendo uno sizinathere pomwepo. Mu Julaye, ku khoti la ku London, eni nyuzipepalayo anavomera kupereka chipukutamisozi, ndipo ndalamazo zinalonjezedwa ku chipatala cha maopareshoni a ana cha pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kwathu kuno, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa dzina la mwana amene ali pa mlandu ku khoti la ana. Chifukwa chake nchakuti mlandu umatha, apilo imatha kusintha chigamulo, koma dzina likatuluka silibwerera.

Ndinamuyankha choncho mtsikana uja, koma mumtima ndinachita manyazi. Mwana wasukulu akapalamula kapena akachitidwa chipongwe, ndani amayamba kutchula dzina lake? Nthawi zambiri ndi ife tomwe, tikumwa tiyi pa buleki, ndipo pofika madzulo nkhani ili pamsika. Madonna anali ndi maloya ku London. Ana athu akudalira pakamwa pathu basi.