Kutsimphina

Kutsimphina ndi kuyenda mosapondetsa mwendo umodzi chifukwa cha ululu. Kumasiyana ndi kulumala kapena kupunduka, komwe kumanena za chilema chokhazikika. Wotsimphina akuyendabe, koma akuteteza pamene pakupweteka, ndipo nthawi zambiri amachira. Mawuwa timanenera munthu, ng'ombe ndi galu yemwe.

Kwa galu m'pofunika diso latcheru, poti iye sangaloze pomwe pakumuwawa. Miyendo yakutsogolo imanyamula pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwake, choncho umodzi ukavulala mudzaona mutu ukutukuka nthawi iliyonse phazi lopwetekalo likagunda pansi. Ukakhala wakumbuyo, amapondera nsonga za zala, kapena amaupinda m'mwamba n'kumadumpha ndi itatu.

Kutsimphina kodzidzimutsa kawirikawiri kumayamba ndi kanthu kochepa: minga pakati pa zala, chikhadabo chothyoka, bala la botolo losweka. Yambani mwayang'ana kuphazi. Koma kulinso kwina kobwera mwakachetechete, ndipo n'komwe kumandimvetsa chisoni. Galu wokalamba amadzuka movutikira m'mawa wozizira wa Juni, miyendo ili gwa, n'kumasuka pang'ono akayendayenda. Imeneyo nthawi zambiri ndi nyamakazi. Ena mwa agalu akuluakulu monga German Shepherd ndi Rottweiler amakula fupa la ntchafu lisanakhazikike bwino m'chiuno, ndipo nyamakaziyo imawapeza msanga.

Wotereyu muyalireni chofunda, asagone pasimenti. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse, ndipo asanenepe. Ibuprofen musamupatse ngakhale pang'ono, amawononga m'mimba ndi impso. Akakaniratu kupondera mwendowo, kapena kutsimphinako kukapitirira masiku awiri, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.