Slam Inapeza Bwalo Lili Kale: Mbiri ya Kulakatula ku Chipata

Ana ambiri amene ndimaphunzitsa kuno ku Chipata akamva mawu akuti slam, maganizo awo amathamangira ku YouTube: mnyamata wa ku America wagwira maikolofoni, Chingelezi chikutuluka ngati mvula ya matalala, omvera akuliza zala. Amakhulupirira kuti kuimirira pamaso pa anthu ndi kunena ndakatulo ndi mwambo umene unabwera ndi foni. Mpikisano wa slam ndi mlendo ndithu, ndipo chaka ndi mzinda umene unabadwira zikudziwika. Koma kulakatula pagulu ndi kwakale kuno kuposa tauni yathuyi, ndipo aliyense wa ku Kapata, Mchini, Nabvutika kapena Magazine amene akufuna kukwera pa siteji ayenera kudziwa eni bwalo amene anamtsogolera.

Wotamanda mfumu

Tiyambire kwa Angoni. Mu Novembala 1835 anthu a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masanasana. Sanasenze mabuku. Mbiri ya ulendo wawo wochokera kum'mwera inasungidwa m'nyimbo za ingoma ndi m'matamando a mafumu, amene Azulu amati izibongo. Katswiri wa matamandowo, imbongi, ankaima patsogolo pa mfumu n'kufuula maina ake, nkhondo zimene inamenya ndi mitsinje imene inawoloka, mofulumira mpaka mpweya kumuthera. Ankaponda pansi, kuloza ndi chibonga, kukweza mawu ndi kuwatsitsa. Pa mwambo wa kum'mwerako munthu ameneyu anali ndi chilolezo chimene ngakhale nduna zinalibe: pakati pa kutamanda ankatha kuponyamo chidzudzulo chophiphiritsa, mfumu n'kumva, osamugwira.

Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anadzakhazikika m'dera lino cha m'ma 1870. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni, anawombera Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Tauni imene anamanga pambuyo pake anaitcha Fort Jameson. Nc'wala inaleka, ndipo kunali zii zaka 82 kufikira 1980 pamene Mpezeni wachitatu anaiutsanso. M'zaka zimenezo Chingoni chinatha pakamwa pa anthu wamba, pakuti ana ankatola chilankhulo cha amayi awo, ambiri mwa iwo Ansenga ndi Achewa. Chinatsalira m'nyimbo ndi m'matamando. Mukapita ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale mudzamva mawu amene simungawamvenso pa Saturday Market kapena m'nyumba ya wina aliyense. Anapulumuka chifukwa anthu ankawanena mokweza, pamtima, mbadwo ndi mbadwo.

Pamtondo

Bwalo lachiwiri linali la amayi, ndipo ndi limene ine ndimalikonda koposa. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba, amuna ambiri a kuno anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ku Joni, ndipo kenako ku migodi ya ku Copperbelt. Akazi otsala m'midzi anali ndi zambiri zonena koma malo ozinenera anali ochepa. Pamtondo ndi pamene ankamasukira. Awiri akusinja, minsi ikutsika mosinthana, wina amayambitsa, mnzake n'kuvomera. Nyimbo inkanena za mwamuna amene anapita osatumiza ngakhale chitenje, apongozi a pakamwa powawa, mkazi mnzake wa pamitala, bambo wothera ndalama ya fodya ku mowa. Nthawi zambiri dzina silinkatchulidwa, koma mudzi wonse unkadziwa mwini nkhani, ndipo mwini nkhaniyo sakanapita kwa anyakwawa kukasuma, pakuti inali nyimbo chabe.

Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, anasonyeza kuti chilolezo chotere chinali chofala m'chigawo chino cha Africa, kuyambira m'minda ya nzimbe ya ku Mozambique mpaka pa vimbuza ya Atumbuka: chimene munthu sangachinene polankhula, akhoza kuchinena poimba. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ndipo timamuonera pa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, nayenso ali ndi nyimbo zoseka waulesi, wakuba ndi mlendo wodzikuza.

Bwalo la pamtondo linatsekedwa ndi chigayo. Palibe mayi amene angalire kuti ntchito yothyola msana ija yachepa, ndipo ine sindikuilira. Koma pa mzere wa kuchigayo injini imalira kuposa munthu, ndipo malo amene mkazi ankanenapo zakukhosi mopanda mlandu anapita pamodzi ndi munsi.

Choko ndi pepala

Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903. Anabweretsa kulemba, ndipo Chinyanja chinapindula kwambiri: Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, ndipo pambuyo pake kunabwera mabuku a nthano ndi ndakatulo. Koma sukulu inabweretsanso kanenedwe kena ka pagulu, kuloweza. Mwana aime chilili, manja kumbuyo, anene mawu a munthu wina osaphonya ngakhale limodzi. Woyamikiridwa anali wokumbukira bwino. Wopeka zake analibe malo.

Titalandira ufulu, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingelezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Funsani makolo anu za chilango chimene ankalandira akagwidwa akulankhula chinenero cha kwawo pa sukulu. Mu 2014 boma linabwezera zinenero zathu m'makalasi oyambirira, koma zaka pafupifupi 50 zinali zitaphunzitsa kale anthu kuti zanzeru zimanenedwa m'Chizungu, Chinyanja ndi cha nthabwala ndi kumsika.

Ngakhale zinali choncho, olemba oyambirira ankadziwa kumene ndakatulo inachokera. E. J. Chadza wa ku Malawi anatcha buku lake la ndakatulo la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti Ntchito za Pakamwa. Mawu enieniwo akuti ndakatulo amachokera ku kulakatula, kutulutsa mawu poyera. Cha m'ma 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a pa University of Zambia anamanga bwalo la zisudzo lopanda denga nalitcha Chikwakwa, dzina la chida chotchetchera udzu, ndipo ankayenda m'zigawo kukachita maphunziro a zisudzo m'zinenero za anthu. Maphunziro a masiku ochepa amene lero timawatcha wekishopu ali ndi agogo awo pamenepo.

Mawu opanda nkhope

Wailesi ndiyo inabwezera ulemu ku pakamwa. Mu 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba kumveka m'midzi ndi m'makomboni. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anthu olankhula Chinyanja ankasonkhana kumvera Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi ankakhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi chilombo, zonse ndi mmero umodzi. Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nkhanizo n'kuzilemba m'buku, ndipo woziwerenga amaona chida chachikulu cha Chongo: mivekero. Munthu sagwa chabe, amagwa khu! Usiku umachita bii, nyumba imangoti zii, magazi ali psuu. Chingelezi chimafuna mzere wonse kuti chinene zimene Chinyanja chimamaliza ndi liwu limodzi, ndipo pa siteji liwu limodzilo limafika kumpando wakumbuyo.

Kuno kwathu Breeze FM, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, inatipatsa Gogo Breeze, mphunzitsi wopuma amene ankawerenga makalata a anthu odandaula n'kuwayankha ndi miyambi. Harri Englund analemba buku lonse za iwo mu 2018. Ndipo popeza Lilongwe ali pafupi nafe kuposa Lusaka, alakatuli a kutsidya kwa Mwami, monga Benedicto Wokomaatani Malunga ndi Robert Chiwamba, si achilendo m'makutu athu.

Mbiri ya kutsidyako imatikumbutsanso kuti chilolezo cha mlakatuli chili ndi malire pamene olamulira achita mantha. Jack Mapanje, amene anaphunzira kubisa mawu kuchokera ku nyimbo ndi zilapi za makolo, anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kuno ku Zambia, Pilato anamangidwa mu Juni 2015 chifukwa cha nyimbo yoseka mtsogoleri wa dziko, mlanduwo n'kudzathetsedwa mwezi wotsatira. Amene akunena kuti ndakatulo ndi masewera a ana sanawerenge mbiri.

Mlendo wa ku Chicago

Tsopano za slam. Marc Smith anali munthu wa ntchito ya zomangamanga ku Chicago, wokonda ndakatulo koma wotopa ndi misonkhano imene ophunzira kwambiri ankawerengerana mapepala anthu akuodzera. Mu 1984 anayamba kuchititsa madzulo a ndakatulo pa malo otchedwa Get Me High Lounge, ndipo mu 1986 anasamukira ku Green Mill, kumene mpikisanowu unakhwimira. Malamulo amene anafala ndi ochepa. Ndakatulo ikhale yako. Usapitirire mphindi zitatu. Usabwere ndi zovala za sewero, zida kapena choimbira. Oweruza asanu amasankhidwa pakati pa omvera, aliyense apereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10, ndipo okwera kwambiri ndi otsika kwambiri amachotsedwa, kutsala atatu a pakati. Omvera ndi omasuka kukuwa, kuyamikira ngakhale kuwawiza oweruzawo.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse la America unachitika mu 1990 ku San Francisco. Pulogalamu ya pa TV ya Def Poetry Jam, kuyambira 2002, inafalitsa kalankhulidwe kamene ana athu amakopera lero. Ku Harare, House of Hunger Poetry Slam inayamba mu 2005 pa Book Café, m'zaka zimene kulankhula poyera ku Zimbabwe kunali koopsa. Ku Johannesburg kunabadwa Word N Sound, ndipo mu 2022 Xabiso Vili wa ku South Africa anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Brussels.

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka slam ndi aka: mphamvu yoweruza ili ndi anthu wamba amene abwera kudzamvera. Ku Chicago ganizo limeneli linali lachilendo. Kwa ife ndi ganizo la pabwalo ndi pamtondo, pamene nyimbo yosakoma inkafa yokha chifukwa palibe woivomera.

Zimene tili nazo lero

M'sukulu zathu mipikisano ya ndakatulo ilipo kale. Bungwe la NASAAZ limachititsa zikondwerero za zisudzo, magule, makwaya ndi ndakatulo, kuyambira m'maboma mpaka dziko lonse, ndipo ana ambiri anagwira maikolofoni koyamba kumeneko. Ndimayamikira zimenezi. Koma ndakatulo zambiri zimene ndimamva pa masiku a zikondwerero ndi zidzukulu za kuloweza kuja. Mutu umachokera kwa akuluakulu: Edzi, maukwati a ana, ziphuphu, tsiku la ufulu. Mphunzitsi amalemba, ana khumi amanena pamodzi, manja akukwera nthawi imodzi ngati asilikali. Mitu imeneyi ndi yofunika, ndipo kuno Kum'mawa nkhani ya atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba ndi ukwati ndi bala lenileni. Koma mtsikana amene mnzake wa pa desiki imodzi anasowa pakati pa temu ali ndi mawu ake, akuthwa kuposa a mphunzitsi, ndipo kawirikawiri sitimufunsa.

Mbali inayi kuli amene aphunzira slam pa foni. Ali ndi mtima, koma amabwereka mpweya wa ku New York, kupuma pamene Mmerika amapuma, kukwiyira zimene Mmerika amakwiyira. Chilala cha 2024, pamene chimanga chinauma m'minda ndipo magetsi ankazima tsiku lonse, chinapatsa mwana aliyense wa m'komboni nkhani yokwanira buku. Atate opalasa njinga yonyamula anthu kuyambira mbandakucha, amayi odikira feteleza mvula itagwa kale, mlongo wodutsa pa Mwami ndi katundu wa malonda: izi palibe wa ku Chicago angatinenere.

Mu kalabu yathu ya ndakatulo ndimatenga malamulo a slam monga alili, chifukwa ndi abwino. Mphindi zitatu zimaphunzitsa mwana kudula mawu osafunika. Lamulo loti ndakatulo ikhale yako limachotsa cholembera m'manja mwanga. Oweruza timawatenga kunja kwa kalabu, ana a makalasi ena, nthawi zina ndi alonda kapena amayi ogulitsa vitumbuwa pa geti, ndipo malikisi amalemba pa mapepala a m'kope. Chinenero ndi chimene mwana amalota nacho: Chinyanja, Chinsenga, Chitumbuka, Chizungu, kapena chosakaniza cha m'tauni. Chimene ndawonjezera ndi chimodzi. Asanalembe kanthu, aliyense amakafunsa munthu wachikulire wa kwawo nyimbo imodzi ya pamtondo, ya paukwati kapena ya pamaliro, ndi chifukwa chake inkaimbidwa. Sitiikopera. Timaifunsa mafunso: ikunena ndani, yabisa bwanji dzina, mnzake amalowa pati, ndi liwu liti limene limapangitsa anthu kuseka. Akabwerera ku nkhani zawo, ndakatulo zimatuluka zili ndi malo oti omvera avomere, ndipo holo imayankha yokha popanda wouza anthu kuti aombe m'manja.

Amayi amene anasinjapo akuimba akutha mmodzimmodzi, ndipo zambiri zimene akudziwa sizinalembedwe paliponse. Foni imene mumaonera slam ili ndi pojambulira mawu. Tchuthi chikubwerachi, mukapita kumudzi ku Feni, ku Chiparamba, ku Katete kapena ku Chadiza, khalani pansi ndi ambuya, pemphani mwaulemu, ndipo akalola, jambulani. Tsiku la ndakatulo la dziko lonse ndi 21 Malichi, masabata ochepa chabe Nc'wala itatha. Kalasi imodzi, wotchi ya pa foni ndi oweruza asanu ndi zokwanira kuyambitsa mpikisano m'komboni yanu.