Kuthamanga mtunda wautali: Maria Mutola ndi aphunzitsi ake

Kodi kumudzi kwanu kuli mwana amene anzake samupeza pa liwiro? Anthu akamuona amangoti, "Ameneyu ndi cibadwa cake." Zoona, liwiro lina munthu amabadwa nalo. Koma akatswiri amene mumawamva pa wailesi sanafike kumeneko okha. Pambuyo pa wothamanga pamakhala munthu wina amene anamuona ali mwana, n'kumukonzera zocita tsiku ndi tsiku. Munthuyo ndi mphunzitsi wa othamanga. Pa Cipwitikizi amati treinador.

Mipikisano yake

Bwalo lothamangiramo limakhala lozungulira. Mukalizungulira kamodzi, mwathamanga mamita 400. Mpikisano wa mamita 800 ndi kuzungulira kawiri. Umenewu ndi wa mamita 1,500 amaicha mitunda yapakati. Mitunda yaitali ndi ya mamita 5,000 ndi 10,000. Pa mamita 10,000 munthu amazungulira bwalo ka 25. Palinso marathoni, amene amathamanga mumsewu. Kutalika kwake ndi makilomita 42 ndi mamita 195.

Nthawi ya wothamanga imalembedwa ndi manambala. Mukaona 1:56.15, werengani kuti mphindi imodzi, masekondi 56 ndi kacigawo kakang'ono ka sekondi. Kacigawo kameneko musakapeputse. Nthawi zina ndiko kamasiyanitsa woyamba ndi waciwiri.

Mtsikana wa ku Chamanculo

Maria de Lurdes Mutola anabadwa pa 27 Okutobala 1972 ku Chamanculo, dera la anthu osauka mumzinda wa Maputo. Ali mwana sankaganiza zothamanga. Mtima wake unali pa mpira, ndipo ankasewera pamodzi ndi anyamata.

Amene anaona mphatso yake ndi José Craveirinha, mlakatuli wochuka wa dziko lathu. Iye ankakonda masewera. Ataona mmene mtsikanayu ankathamangira m'bwalo la mpira, anamulimbikitsa kuyesa mipikisano yothamanga. Mwana wa mlakatuliyu, Stélio Craveirinha, anali katswiri wolumpha mtunda. Ndiye anakhala mphunzitsi woyamba wa Mutola.

Atangophunzira miyezi yowerengeka, Mutola anapita ku masewera a Olimpiki a 1988 ku Seoul, m'dziko la South Korea. Anali ndi zaka 15 zokha. Anagwa m'cigawo coyamba ceniceni. Liwiro linalipo, koma thupi linali lisanakhwime pa nchitoyi.

Mu 1991, ndi thandizo la bungwe la Olimpiki, anapita kukaphunzira kusukulu ya sekondale ku Springfield, m'cigawo ca Oregon ku America. Kumeneko anakumana ndi mayi wina, Margo Jennings, amene ankaphunzitsa ana a sukulu kuthamanga. Mayiyu anakhala mphunzitsi wake kwa zaka zambiri. Ngakhale pamene Mutola anasamukira ku Johannesburg, Jennings ankamutumizirabe ndondomeko ya zocita pa makina a fax.

Zaka 12 zodikira golide

Mu 1993 Mutola anapambana mamita 800 pa mpikisano wa dziko lonse ku Stuttgart, ku Germany. Mu 1995 ku Gothenburg, ku Sweden, aliyense ankati apambananso. Koma anaponda kunja kwa mzere wake, ndipo oweruza anamucotsa mumpikisano. Phazi limodzi basi, nchito ya caka conse n'kupita pacabe. Sanagwe ulesi. Mwezi womwewo ku Brussels anathamanga mamita 1,000 pa 2:29.34. Anakhala mkazi woyamba padziko kumaliza mtunda umenewu mphindi ziwiri ndi theka zisanakwane.

Mu 1996 ku Atlanta anakhala wacitatu. Imeneyo inali mendulo yoyamba ya Mozambique pa Olimpiki. Golide anabwera pa 25 Seputembala 2000 ku Sydney, ku Australia, tsiku lomwe kuno kwathu timakumbukira kuyamba kwa nkhondo yomenyera ufulu. Nthawi yake inali 1:56.15 ija. Taganizani: m'litali mwa bwalo la mpira muli mamita pafupifupi 100. Iye ankadutsa mtunda wotere pa masekondi 14 ndi theka, kasanu ndi katatu motsatizana, osapuma.

Kucokera ku Seoul kufika ku Sydney panapita zaka 12. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapambananso mpikisano wa dziko lonse mu 2001 ndi mu 2003. Mu 2003 momwemo anapambana mipikisano yonse 6 ya Golden League, n'kulandira yekha madola 1 miliyoni. Ku Olimpiki anapitako ka 6. Komaliza kunali ku Beijing mu 2008, ali ndi zaka 35, ndipo anakhala wacisanu.

Citsanzo ca ku Kenya

Pa marathoni, dzina lomveka ndi la Eliud Kipchoge wa ku Kenya. Anapambana golide pa Olimpiki mu 2016 ndi mu 2021. Mu 2022 ku Berlin anamaliza marathoni pa maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 9. Ndiye kuti kilomita iliyonse ankaidutsa mphindi zitatu zisanakwane. Yesani kupalasa njinga pa liwiro limenelo kwa maola awiri, muone.

Mphunzitsi wake ndi Patrick Sang, wa kudera la kwawo komweko. Sang nayenso anali wothamanga, ndipo anapeza siliva pa Olimpiki ya 1992. Anayamba kumulembera zocita Kipchoge ali mnyamata, ndipo akhala limodzi zaka zoposa 20. Amaphunzirira ku Kaptagat, malo okwera kupitirira mamita 2,000. Kumalo okwera conco, mpweya umene thupi limafuna umacepa. Thupi likazolowera, magazi amanyamula mpweya wambiri, ndipo munthu sacedwa kupezanso mphamvu. Kipchoge amalembanso m'kope zonse zimene wathamanga tsiku lililonse.

Kodi mphunzitsi amacita ciyani kwenikweni?

Mwina mukuti, "Kuthamanga n'kuthamanga basi, pofunika kuphunzitsa ndi pati?" Nchito yake ndi iyi.

Coyamba, amasankha mtunda woyenera. Mwana wina ali ndi liwiro koma amatopa msanga. Wina amayamba mozizira koma satopa. Mphunzitsi amaona kusiyana kumeneku.

Caciwiri, amagawa masiku. Tsiku lina wothamanga amapita mtunda wautali pang'onopang'ono, kuti mtima ndi mapapo zilimbe. Tsiku lina amathamanga mwamphamvu mamita 200 kapena 400, n'kupuma pang'ono, n'kubwerezanso. Zimenezi zimaphunzitsa miyendo kusunga liwiro ngakhale italema. Tsiku lina amakwera citunda. Tsiku lina amapuma. Thupi limamangika pa nthawi yopumayo. Wothamanga mwamphamvu tsiku lililonse amangodzivulaza.

Cacitatu, amagwira woci ndi kope. Maso amanama, koma manambala sanama. Ngati mwezi watha mwana anathamanga mamita 800 pa mphindi zitatu, ndipo lero wacepetsako masekondi asanu, ndiye kuti nchito ikuyenda.

Cacinayi, amaphunzitsa nzeru ndi malamulo a mpikisano. Pa mamita 800, wothamanga aliyense amakhala mumzere wake mpaka atamaliza kukhota koyamba. Ayeneranso kudziwa poyambira kuthamangitsa. Akafulumira, mphamvu zimamuthera asanafike. Akacedwa, anzake amamutsekera njira.

Cacisanu, amalimbitsa mtima. Wothamanga amagonja kambiri kuposa mmene amapambanira. Pamafunika munthu womuuza zoona, ndi kumudzutsa m'mawa mwake.

Mphunzitsi mmodzi amatha kukweza anthu angapo. Kelly Holmes wa ku Britain anapita kukaphunzira limodzi ndi Mutola pansi pa Margo Jennings. Pa Olimpiki ya 2004 ku Athens, Holmes anatenga golide pa mamita 800, Mutola n'kukhala wacinayi. Atasiya kuthamanga, Mutola nayenso anakhala mphunzitsi wa Caster Semenya wa ku South Africa pa Olimpiki ya 2012 ku London.

Mphunzitsi wofunika kumupewa

Si onse ali abwino. Pa mpikisano wa 2012 uja, Semenya anafika waciwiri. Amene anafika woyamba, Mariya Savinova wa ku Russia, anapezeka pambuyo pake kuti ankagwiritsa nchito mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu. Anamulanda mendulo, golide n'kupita kwa Semenya. Mankhwala otere amawononga thupi ndi mbiri yomwe.

Conco inu makolo, cenjerani ndi munthu wopatsa mwana mapiritsi kapena jakisoni kuti azithamanga kwambiri. Cenjerani ndi wokakamiza mwana kuthamanga ali ndi malungo kapena atavulala. Cenjeraninso ndi wouza mwana kuti asiye sukulu, kapena wofuna kuphunzitsa mtsikana ali awiriwiri kumalo obisika. Mphunzitsi wabwino sacita zinthu mobisira makolo.

Nanga kuno ku Chifunde?

Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Bwalo la mpira la kusukulu likwanira. Foni ikhoza kukhala woci. Mtunda wautali mungauyeze ndi njinga yamoto imene imaonetsa makilomita. Kaya muli ku Mualadzi, ku N'sadzu kapena kufupi ndi Cassacatiza, njira zafumbi ndi zitunda zilipo, ndipo njira yafumbi ndi yabwino ku mawondo kuposa phula.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ana azithamanga m'mamawa, ndipo azimwa madzi okwanira. Nsima imapatsa mphamvu, koma pakhalenso nyemba, nsawawa, mazira, nsomba ndi ndiwo zamasamba. Mtsikana akamatopa msanga ndi kucita cizungulire, pitani naye kucipatala akamuyeze magazi. Ana aang'ono asamathamange mitunda yaitali kwambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Khomo lopitira patsogolo ndi masewera a masukulu, aja amati Jogos Desportivos Escolares. Opambana kumaboma amapita kucigawo, ndipo opambana kucigawo amakakumana ndi anzawo a dziko lonse. Funsani aphunzitsi a kusukulu ya mwana wanu mmene angalowere.

Inu amene mwaphunzira kulemba ndi kuwerenga, mungathe kugwira kope lija. Lembani tsiku, mtunda ndi nthawi. Pakapita miyezi itatu, yerekezerani manambalawo, ndipo mukawaonetse aphunzitsi. Ngati mwanayo ndi wamkazi, mulembereni cimodzimodzi, ndipo nchito zapakhomo muzigawe kuti naye apeze mpata wopita kubwalo.