Thangata, khadi ndi yuniyoni: mbiri ya mawu a wantchito m'minda ya tiyi ku Thyolo

M'chaka cha 2016, bungwe la eni minda ya tiyi la Tea Association of Malawi linakhala pansi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union, lomwe ambiri amangoti PAWU, n'kusayinirana pangano la malipiro. Aka kanali koyamba m'mbiri ya tiyi wa dziko lino kuti malipiro a munthu wothyola tiyi atuluke pa zokambirana za mbali ziwiri. Kale lonse ankatuluka pakamwa pa bwana kapena m'chikalata cha boma. Pofika nthawiyi n'kuti tiyi atatha zaka zoposa 100 m'mapiri a Thyolo, ndipo agogo, ana ndi zidzukulu anali atasenza dengu kumsana popanda wowafunsa kuti thukuta lawo akuligulitsa ndalama zingati.

Kuchedwa konseku kunayambira pa malo. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Dera lalikulu la Thyolo linagwera m'manja mwa makampani, makamaka British Central Africa Company. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo malo oti n'kumangapo nyumba ndi kulimapo chimanga ankawapeza m'maesiteti momwemo. Lendi yake inali ntchito. Imeneyi ndiyo thangata, yomwe mpaka lero akuluakulu a ku Thyolo amaitchula atachita tsinya.

Munthu wokhala pa esiteti ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo miyezi yake inkagwa nthawi ya dzinja, pomwe munda wake womwe ukufuna khasu. Mweziwo sunkawerengedwa pa kalendala. Unkawerengedwa pa tikiti, kapepala komwe kapitawo kapena kalaliki ankachongapo tsiku lililonse. Ndime ikapanda kutha, tsikulo silinkachongedwa, choncho mwezi umodzi unkatha kutenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Wodandaula ankadziwa chomwe chimudikira: chikoti, kapena kugwetseredwa nyumba n'kuuzidwa kuti asamuke. Mu 1903 woweruza milandu Joseph Nunan anaona yekha kuti mapangano a mtundu umenewu ankapondereza anthu, koma chigamulo chake sichinasinthe zambiri m'minda. Mkwiyo womwewu ndi umene unaphulika mu Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce.

Tiyi anakula kwambiri ku Thyolo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ndi nthawi imene mayina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Satemwa, yomwe Maclean Kay anayambitsa mu 1923, anayamba kumveka. Lamulo la mu 1928 linalola kuti munthu alipire lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena pogulitsa mbewu zake kwa mwini malo, koma linapatsanso mwini maloyo mphamvu yothamangitsa banja limodzi pa mabanja khumi alionse pakatha zaka zisanu. Eni minda anali kale ndi bungwe lawo lolankhula ndi boma. Antchito analibe. Chida chawo chinali mapazi: kuthawa usiku, kujomba nthawi yobzala, kusamukira ku esiteti ina yomwe kunkamveka kuti phoso ndi labwinoko, kapena kulowera ku Salisbury ndi ku Joni.

Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Pa esiteti ya banja la Tennett pafupi ndi Luchenza, anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti akuba malalanje, ndipo mphekesera inawanda yoti aphedwa. Midzi inadzambatuka. Anthu anasiya ntchito m'minda, anatseka misewu ndi mitengo, anakana lendi ndi msonkho, ndipo chipwirikiticho chinafalikira m'maboma ena akummwera. Pomwe chinkazizira n'kuti anthu 11 ataphedwa ndi achitetezo. Imeneyi inali sitalaka yopanda yuniyoni, yopanda mlembi, yopanda mndandanda wa zofuna, koma inagwedeza boma kuti lifulumire kugula malo kwa makampani monga momwe Sidney Abrahams analangizira mu 1946. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Mabungwe a antchito anabadwira m'tauni. Madalaivala a malole a ku Blantyre, motsogozedwa ndi Lawrence Makata ndi Lali Lubani, ndi amene anayamba kusonkhana cha m'ma 1940. Kenako anatsatira antchito a njanji ndi a m'masitolo, ndipo mu 1956 panabadwa bungwe lalikulu lowaphatikiza. Ku minda ya tiyi yuniyoni inafika mochedwa, ufulu wa dziko uli pafupi, ndipo isanazike mizu inakumana ndi chipani cha Malawi Congress Party chomwe sichinkafuna mpikisano. Dr Hastings Kamuzu Banda ankaona atsogoleri a mabungwe odziimira paokha ngati oukira. Chakufwa Chihana, yemwe anali mnyamata wotsogolera antchito a m'masitolo ndi m'makampani, anachotsedwa m'chipani n'kuthawira ku Kenya, ndipo atabwerera anakhala m'ndende zaka zambiri za m'ma 1970 popanda kuzengedwa mlandu. Pofika mu 1965, bungwe lalikulu la antchito linali litasanduka nthambi ya chipani.

Zaka pafupifupi 30 zotsatira ndi zimene zinaumba maganizo a anthu ambiri pa nkhani yolowa m'bungwe. Yuniyoni ya antchito a m'minda sinafe ayi. Inali m'gulu la mabungwe asanu okha omwe anatsala pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma inali ya dzina lokha. Malipiro ankalengezedwa ndi boma, ndipo boma linkafuna kuti akhale otsika kuti maesiteti a fodya ndi tiyi apindule. Nayo njira ya Wenela yopitira ku migodi ya ku Joni inatsekedwa mu 1974, ndege yonyamula antchito a m'migodi itagwa ku Francistown, zomwe zinachititsa kuti manja ofuna ntchito achuluke kuno kumudzi. Umembala umene wothyola tiyi ankaudziwa bwino unali wa khadi la chipani, lomwe achinyamata a chipani ankafunsa pa chipata cha msika ndi pokwera basi. Anthu anaphunzira kuti mawu oti "lowani m'bungwe" amatanthauza kuti "perekani ndalama, mukhale chete".

Chete ameneyu anatha mu 1992. Pa 8 Malichi mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma, pa 6 Epulo Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito. Moto unayaka mpaka m'minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje. Apanso antchito anadzuka okha, yuniyoni ikungoonerera, ndipo malipiro anakwera chifukwa cha mantha a mabwana ndi boma, popanda pangano lililonse lomanga mbali ziwirizo.

Amene analemba malamulo aakulu a dziko mu 1994 anali ndi zipsera za khadi lija. N'chifukwa chake gawo 31 limapatsa munthu ufulu woyambitsa kapena kulowa m'bungwe la antchito, ndipo m'chiganizo chomwecho limamupatsanso ufulu wosalowa. Gawo 32 limawonjezera kuti palibe amene angakakamizidwe kukhala membala wa bungwe lililonse. Lamulo la Labour Relations Act la mu 1996 linakhazikitsa khoti la milandu ya pantchito, ndipo linati yuniyoni ikakhala ndi mamembala okwana 20 pa antchito 100 alionse pa kampani, bwana ayenera kukambirana nayo.

Nkhani ya ufulu wosalowayi ndi imene imagawanitsa anthu kwambiri ku America. Kumeneko lamulo la Taft-Hartley la mu 1947 linalola chigawo chilichonse kuletsa mapangano okakamiza wantchito kulipira ndalama ku yuniyoni, ndipo lero zigawo 26 zili ndi malamulo otere, omwe amawatcha right-to-work. Chigawo cha Michigan chinawakhazikitsa mu 2012 n'kuwachotsa mu 2023. Owakonda amati thumba la munthu ndi lake. Odana nawo amati amalimbikitsa anthu kudya zomwe sanalime ndipo amaumitsa mabungwe. Ku South Africa, komwe kuli Amalawi ambiri, lamulo la mu 1995 linatenga njira ina: limalola yuniyoni yokhala ndi mamembala ambiri kupangana ndi bwana kuti ngakhale osalowa azidulidwa kangachepe, popeza nawonso amapindula ndi zomwe yakambirana.

Mbali zonse ziwiri za mtsutsowu zimamveka ku Thyolo, ngakhale palibe amene amatchula Michigan. Zimamveka pa sikelo masana, anthu atafola ndi madengu awo, kalaliki akuwerenga makilogalamu n'kuchotsera kulemera kwa madzi a mvula pa masamba. Kwa zaka zambiri mlingo wa tsiku unali makilogalamu 44, ndipo zopitirira pamenepo ndiye zinkabweretsa kabonasi. Mayi amene wakhala chiweramire kuyambira m'bandakucha, akuthyola nsonga ya masamba awiri ndi kamphukira, amadziwa mtengo wa kwacha iliyonse. Akaona pa pepala la malipiro kuti yuniyoni yadulapo, funso lake ndi lomveka: ndalamayi yandichitira chiyani? Mnzake amene sanalowe amalandira malipiro omwewo pangano likasayinidwa. Wa yuniyoni naye yankho lake ndi lomveka, kuti popanda zoperekazo sangapeze ngakhale ya thiransipoti yochokera ku Makwasa kukaimira munthu wochotsedwa ntchito ku ofesi ya zantchito paboma.

Koma pali chinthu chimene mtsutso wa ku America suchikhudza, chomwe ku Thyolo ndicho mutu wa nkhani. Mwa anthu pafupifupi 50,000 amene tiyi amalemba ntchito m'dziko muno nyengo ikafika pachimake, ambiri ndi a makontirakiti a miyezi yochepa, kuyambira mvula ikagwa mpaka masamba atachepa. Munthu wotere safunika kuchotsedwa ntchito. Kungoti chaka chamawa dzina lake lisapezeke pa mndandanda, basi. M'boma lomwe minda ya anthu ndi tizigawo topanikizika m'mphepete mwa maesiteti, ndipo pa geti pamakhala anthu ambiri odikira kulembedwa, ufulu wosalowa m'bungwe aliyense ali nawo kale. Wovuta kuupeza ndi ufulu wolowa n'kulankhula popanda kuopa za chaka chamawa.

Pangano la mu 2016 lija silinabwere chifukwa choti PAWU inali itakula mphamvu mwadzidzidzi. Linakankhidwa kuchokera kunja. Kafukufuku wa Oxfam ndi Ethical Tea Partnership wa mu 2013 anaonetsa kuti malipiro a m'minda ya tiyi ku Malawi, ngakhale sankaphwanya lamulo, ankasiya mabanja mu umphawi wadzaoneni. Makampani ogula tiyi ku Ulaya anachita manyazi, ndipo mu 2015 anagwirizana ndi eni minda pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yofuna kuti wantchito azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Malipiro anakweradi, chakudya cha masana chinasinthako, ndipo zokambirana zinayamba kuchitika mobwerezabwereza. Cholinga chenichenicho sichinafikiridwe. Zomwe zinapezekazo zinadyedwanso ndi kukwera mitengo kwa zinthu, makamaka kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chochititsa chisoni kwambiri ndi nkhani ya amayi. Mu 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa mlandu wa amayi 36 omwe anadandaula kuti anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana m'minda yake, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Mlanduwu unakasumidwa ku London ndi maloya a Leigh Day. Amayi ambiri amagwira ntchito yothyola tiyi, ndipo kuti madandaulo awo akamvekere kutsidya kwa nyanja ndi umboni woti njira zodandaulira zapafupi, za kampani ndi za yuniyoni zomwe, sankazikhulupirira.

Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la mu 1996 lija, n'kulola bwana kudula malipiro a wantchito amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Bungwe la Malawi Congress of Trade Unions linakana kwamtuwagalu, koma Pulezidenti Lazarus Chakwera anasayina. Kwa mphunzitsi kapena wa m'boma, lamuloli ndi lopweteka. Kwa wothyola tiyi amene alibe kakhobidi kosunga, likutanthauza kuti sitalaka iliyonse ili ndi masiku atatu okha a moyo, ndipo mabwana akudziwa zimenezo asanakhale n'komwe pa zokambirana.

Anthu a ku Thyolo anakakamizidwapo kugwira ntchito, anakakamizidwaponso kugula khadi, ndiye ufulu wosalowa m'bungwe usachotsedwe m'malamulo. Ntchito ili kwina. PAWU iyenera kuonetsa mamembala ake kumene ndalama zawo zimapita, kuika amayi ndi antchito a nyengo m'mipando yeniyeni, ndi kupezeka pa sikelo pomwe mikangano imayambira. Unduna wa Zantchito utumize oyendera minda pafupipafupi, ndipo Nyumba ya Malamulo iteteze wantchito wa kontirakiti amene wasiyidwa pa mndandanda chifukwa cholankhula, iunikenso lamulo la masiku atatu la mu 2021.