Chuma m'Manja mwa Wina: Kuchokera pa Mkwamba wa Nsalu Kufika pa Ndalama za Kripito

Munthu wochoka pa Boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay amadutsa pa Makokola, pamene nyanja imaonekera ku dzanja lamanja ndipo chilumba cha Boadzulu chimaoneka chapatali pakati pa madzi. M'mawa uliwonse pa madoko a m'derali asodzi amakocheza ndi usipa kapena utaka, ndipo amalonda amawadikira pamchenga. Kale malonda akatha, ndalama zinkawerengedwa pamanja, wina akuona. Masiku ano zambiri zimadutsa pa foni, ndipo mayina achilendo monga Bitcoin ndi USDT afika kale m'makutu a achinyamata, makamaka amene ali ndi abale ku Joni. Mayinawo ndi atsopano, koma funso limene abwera nalo ndi lakale kwambiri m'mbali mwa nyanjayi. Chuma chikachoka m'manja mwa mwini wake, chimakhala m'manja mwa yani? Nanga wosungayo akachikana, mlandu wake ukazengedwa pa bwalo liti?

M'zaka za m'ma 1800, pamene mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anali ndi mphamvu kumwera kwa nyanja, ndalama zachitsulo zinali zisanafale. Mtengo wa chinthu unkayesedwa ndi mikwamba ya nsalu, mikanda ndi mchere. Maulendo a malonda ankapita kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi ku Quelimane, atanyamula minyanga ya njovu, ndiponso, chomvetsa chisoni, anthu ogwidwa ukapolo. Ulendo umodzi unkatha miyezi yambiri. Mwini katundu wotsala pamudzi analibe kalata kapena lisiti, koma anali ndi zinthu zitatu zomulimbitsa mtima. Ankadziwa kwawo kwa mtsogoleri wa ulendo, kumene kunatsala mkazi wake, ana ake ndi munda wake. Panali mboni zimene zinaona katundu akuperekedwa. Panalinso bwalo la mfumu, kumene wobwera ndi nsalu zoperewera ankayenera kukafotokoza. Kwawo kwa wosunga, mboni, ndi bwalo: pa zitatu izi ndi pamene kukhulupirirana kunaima.

Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi mudzi wa Mponda, ndipo malowo anatchedwa Fort Johnston. M'zaka zomwezo boma la atsamunda linayamba kutolera msonkho wa nyumba, ndipo anthu anakakamizika kufunafuna masheleni. Koma ndalama yachitsulo inabwera ndi vuto lake, pakuti inali yaing'ono, yosavuta kuba. Ambiri ankaikwirira pansi mu mphika, ena ankaisokerera mu lamba. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inatsegula banki ku Blantyre mu 1894, koma imeneyo inali ya Azungu a minda ndi a sitolo. Malo osungira amene anafika kwa munthu wamba anali banki ya ku positi ofesi, imene inayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Wosunga ankalandira kabuku, ndipo kalaliki ankalembamo ndi kudinda chidindo nthawi iliyonse ndalama zikalowa kapena kutuluka. Kabukuko kanalowa m'malo mwa mboni, ndipo kumbuyo kwake kunali boma.

Phunziro lalikulu linadza ndi ulendo wa kumigodi. Bungwe la Wenela, limene pambuyo pake linatchedwa TEBA, linkalemba amuna kupita nawo ku migodi ya golide ku South Africa, ndipo dzina lake lidakalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Gawo la malipiro a munthu linkatsala m'manja mwa bungwe, kuti akalandire atabwerera kumudzi. Pofika 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodimo anaposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. H. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 ndi anthu ocheperapo, ndipo inatheratu mu 1988. Ndalama zosungitsa zija zinagulira mabanja ambiri njinga, makina osokera ndi malata. Koma patapita zaka, pamene akuluakulu amene anagwira ntchito kumigodi anayamba kulondola ndalama zawo za penshoni ndi za chipukutamisozi, kunapezeka kuti amene anataya nambala yake ya kuntchito kapena mapepala ake ankavutika kwambiri kutsimikiza kuti ndi iye. Ena anamwalira akudikira. Wosunga anali kutali, kaundula anali m'dziko lina, ndipo bwalo lokadandaulako silinali la pamudzi.

Wenela itatha, ulendo wa ku Joni sunathe, ndipo boma la Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene achinyamata ake amapitako kwambiri. Popeza ambiri analibe mapepala otsegulira buku ku banki, ankatumiza ndalama ndi katundu kudzera mwa madalaivala a mabasi ndi anthu a mtengatenga. Apa njira ya makolo inabwereranso. Wopatsidwa ndalama ankasankhidwa chifukwa kwawo n'kodziwika, ndipo akabera mmodzi, mbiri yake inkamveka pa mzikiti, pa tchalitchi ndi pa msika, malonda ake n'kuthera pomwepo. Kenaka kunabwera ndalama za pa foni: Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Anthu anazizolowera msanga chifukwa wothandiza amakhala m'kanyumba pa msika, nkhope yake ikuoneka, ndipo malamulo a Reserve Bank of Malawi amalamula kuti ndalama zenizeni zofanana ndi zimene zili m'mafoni zizisungidwa padera ku banki.

Ndalama za kripito zinabadwa ndi cholinga chochotseratu wosunga. Bitcoin inayamba mu Januwale 2009, ndipo amene anaiyambitsa anadzibisa pa dzina la Satoshi Nakamoto. Ndalama imeneyi siikhala m'thumba kapena m'bokosi. Imakhala m'kaundula wamkulu amene makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana amasunga mofanana, kotero kuti palibe munthu mmodzi angafufute kapena kuwonjezera mwa yekha. Mwini ndalama amadziwika ndi kiyi wachinsinsi, amene ndi mndandanda wa manambala ndi zilembo, ndipo wogwira kiyiyo ndiye yekha angathe kusuntha ndalamazo. Koma munthu wokhala ndi makwacha kapena marandi amafuna malo ogulira kripito ndi malo ogulitsira. Malo amenewa ndiwo misika ya kripito ya pa intaneti. Wogula akasiya ndalama zake pa msika wotere, kiyi amakhala ndi eni msika. Nambala imene iye amaona pa foni si ndalama ayi, ndi lonjezo lakuti akadzafuna adzapatsidwa. Motero wosunga amene anathamangitsidwa pakhomo analowanso chakuseri.

Mbiri ya misika imeneyi ndi yaifupi, koma yadzaza kale ndi maliro a chuma. Msika wa Mt. Gox ku Tokyo, umene pa nthawi yake unali waukulu koposa yonse, unatseka mu Febuluwale 2014 utalengeza kuti ma Bitcoin pafupifupi 850,000 asowa. Ena anapezeka pambuyo pake, koma eni ake anayamba kubwezeredwa gawo la chuma chawo mu 2024, patatha zaka khumi. Ku Canada, mwini msika wa QuadrigaCX, Gerald Cotten, anamwalira ali ku India mu Disembala 2018, ndipo poyamba kunamveka kuti wapita ndi makiyi onse kumanda. Ofufuza a boma atalowa m'mabuku anapeza kuti ndalama zambiri anali atazimwaza kale ali moyo. Msika wa FTX, umene likulu lake linali ku Bahamas, unkalengezedwa ndi akatswiri a masewero ndi anthu otchuka, koma unagwa m'masiku ochepa mu Novembala 2022, pamene anthu ambiri anafuna kutapa ndalama zawo nthawi imodzi. Kunapezeka kuti madola pafupifupi 8 biliyoni a makasitomala anali atapatutsidwira ku kampani ina ya mwini yemweyo, yotchedwa Alameda Research. Mwiniyo, Sam Bankman-Fried, anagamulidwa mu Malichi 2024 kukhala m'ndende zaka 25. Makasitomala anayamba kubwezeredwa mu 2025, koma powerengera mtengo wotsika wa tsiku limene msikawo unagwa.

Pafupi ndi kuno, ku South Africa kumene kuli Amalawi ambiri, kunali Mirror Trading International. Imeneyi sinali msika wogulitsirapo, koma kampani yolonjeza kuchulukitsa Bitcoin ya munthu ndi phindu la pafupifupi 10 peresenti mwezi uliwonse, ndipo wobweretsa mnzake ankapatsidwa mphotho. Inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil, kumene anakamangidwa patatha chaka. Ma Bitcoin amene anthu anaponyamo anaposa 29,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chowawa pa nkhani yotere n'chakuti wokopa sakhala mlendo. Amakhala mlamu, msuweni kapena mnzake wopemphera naye, amene nayenso anakhulupirira moona mtima, ndipo chuma chikatayika ubale umatayikira limodzi.

Si chifukwa cha umbombo wokha kuti anthu amatembenukira ku ndalama zimenezi. Kwacha, imene inalowa m'malo mwa paundi mu 1971 pa mtengo wa makwacha awiri pa paundi imodzi, inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mwini chilimila amene ankasunga makwacha kuti adzagule injini ya boti anadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama zake zafupika, iye osatapako ngakhale tambala. Ndalama ya USDT, imene eni ake amati iliyonse ndi yofanana ndi dola imodzi ya ku America, imaoneka ngati pothawirapo. Wogula amatumiza makwacha pa foni kwa munthu wogulitsa, ndipo msika umagwirizira kripitoyo ngati mkhalapakati kufikira wogulitsa atavomera kuti walandira. Njirayo imayenda bwino masiku ambiri. Koma pa ulendo umodzi wokhawo wogula wakhulupirira anthu atatu amene sanawaonepo: wogulitsa, eni msika, ndi kampani imene imati ikusunga madola kumbuyo kwa USDT.

Za bwalo lokadandaulako, maiko ayenda mosiyana. Mu Meyi 2019 Reserve Bank of Malawi, pansi pa gavanala wa nthawiyo a Dalitso Kabambe, inalengeza kuti kripito si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, ndipo inachenjeza kuti wochita nayo malonda adziwe kuti akataya chuma palibe chitetezo chochokera ku bankiyo. Ku South Africa, bungwe loyang'anira za chuma la FSCA linaika kripito pansi pa malamulo ake mu Okutobala 2022, ndipo mu 2024 linayamba kupereka ziphaso kwa misika monga Luno ndi VALR. Chiphaso sichiletsa mtengo wa Bitcoin kugwa, koma chimatanthauza kuti eni msika ali ndi dzina, ofesi ndi owayang'anira. Kusiyana kwake ndi banki kumaoneka pa zimene zinachitikira Malawi Savings Bank, imene inalowa m'malo mwa banki ya ku positi mu 1994. Italemedwa ndi ngongole zosabwezedwa, inagulitsidwa kwa FDH mu 2015, ndipo mabuku a osunga ndalama anasamukira kwa eni atsopano. Mu 2023 bungwe la Deposit Insurance Corporation linayamba ntchito yoteteza osunga ndalama m'mabanki a m'dziko muno. Chitetezo chimenecho sichifika pa msika wa kripito wa kutsidya kwa nyanja.

Amene anapulumuka pa kugwa kwa misika ija anali a mitundu iwiri: amene anatapa msanga, ndi amene sankagoneka chuma pamsika, koma ankachisamutsira pa kiyi wawowawo akangogula. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Komabe kusunga wekha nako kuli ndi ngozi yake, yofanana ndi ya mphika wokwirira uja. Kiyi amalembedwa m'mawu 12 kapena 24, ndipo wotaya mawuwo wataya zonse, wouza mnzake wapereka zonse, ndipo womwalira osauza wina aliyense wasiya ana ake chimanjamanja. Palibe kalaliki wa ku positi amene angalembe kabuku kena.

Choncho omvera a ku Makokola, a ku Malembo, a ku Makanjira ndi a m'maboma ena, amene mwana wawo kapena mnansi wawo wabwera ndi nkhani ya kripito, ali kale ndi muyeso umene makolo anausiya. Eni msikawo ndi ndani, ndipo kwawo n'kuti? Ndani wapadera amene anaona mabuku awo ndi kuchitira umboni kuti chuma chilipodi? Zikavuta, ndi bwalo liti, m'dziko liti, limene lingamve dandaulo la munthu wa ku Mangochi? Pamwamba pa mafunso atatuwo pali kuyesa kumene wamalonda aliyense wa nsomba amakudziwa, pakuti iye sapereka ndalama za ulendo wonse kwa msodzi amene wakumana naye dzulo. Amayamba ndi zochepa, n'kuona ngati nsomba zifika. Wosungitsa pa msika wa kripito nayenso ayenera kuika zochepa, n'kuyesa kuzitapa mpaka zisanduke makwacha m'manja mwake. Msika umene ukulonjeza phindu lokhazikika mwezi ndi mwezi, kapena umene ukufuna ndalama zina kuti utulutse zoyamba, wayankha kale mafunso onse.